Tulo ta ku Bogota

Tsiku limene Matilda anakasiya amuna ake ku nyumba yosamalira okalamba, dzuwa linawala mu Wakefield, ku Mangalande, ngati likumuseka. Anakankha njinga ya olumala ya a Eston kuchokera pa tekisi mpaka pakhomo, chikwama cha zovala chili paphewa, thumba la mankhwala likulendewera pamkono. Mtsikana wogwira ntchito pamalopo anawalandira ndi nsangala, koma Matilda sanamwetulire. Anayamba kumufotokozera zonse: kuti bambowa phala lozizira salifuna, kuti powaveka aziyambira dzanja lofookalo, kuti nthawi zina akati "iyayi" amakhala akutanthauza "inde".

"Mayi, inu ndinu nesi, ifenso ntchito yathu ndi yomweyi," anatero mtsikanayo m'Chingerezi. "Pitani mukaone mdzukulu."

A Eston anabwera ku Leeds kudzaphunzira ndevu zikadali zakuda, Matilda n'kuwatsatira pambuyo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Mayankho, ali wamng'ono. Bambowo atamaliza sukulu anagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina yosunga katundu, mpaka tsiku limene anagwa pa masitepe a kunyumba, pakamwa patakhota. Sitiroko inawalanda dzanja ndi mwendo wa kumanja, inawalandanso mawu ambiri. Kuyambira pamenepo Matilda ankanyamula odwala a eni kuchipatala masana, madzulo n'kudzanyamula wake. Akakhala kuntchito kunkabwera anthu a kukhonsolo kudzawazonda, koma kusambitsa, kumeta ndi kutembenuza usiku sankalola munthu wina.

Mayankho atamaliza yunivesite anapita ku Colombia kukaphunzitsa Chingerezi, ati chaka chimodzi chokha. Chaka chinabala chinzake. Kumeneko anapeza mwamuna dzina lake Camilo, anakwatirana, Matilda n'kuonera ukwatiwo pa foni. Tsopano kunali kutabadwa mwana wamwamuna, amene a Eston anamutcha Lusayo, dzina la malemu bambo awo a ku Karonga. Ubatizo unali Lamulungu likubweralo, ku Bogota.

Azimayi ena a kutchalitchi atamva za ulendowu anang'ung'udza. Mwamuna ali moyo, mkazi wake akamusiye kwa azungu ngati katundu? Sananene pamaso pake, koma mawuwo anamufika. Amene anamukakamiza kuti apite anali Nasilele, nesi mnzake wa ku Zambia wa wodi imodzi.

"Iwe Matilda, uzafa na nchito," anatero Nasilele. "Yenda ukaone kamwana. Ba Eston sibazasungunuka."

Matilda anavomera, koma mumtima anali ndi lake limene sanauze mnzakeyo. Ankapita kukapempha Mayankho kuti abwerere ku Wakefield, iye, mwamuna wake ndi mwanayo.

Anakwera sitima ya ku Manchester, ndege ya ku Madrid, kenaka ina yaitali yoti msana n'kuuma gwa. Sanagone. Akangotseka maso ankadzidzimuka, akuganiza kuti mwina waiwala kuwauza anthu aja za mafuta opaka zidendene.

Ku Bogota kunali mvula. Iye ankayesa kuti maiko amenewa ndi otentha ngati Nsanje, choncho m'sutikesi munali madiresi opepuka ndi nsapato zoonetsa zala. Atatuluka pabwalo la ndege anakumana ndi mphepo yonga ya ku Dedza mwezi wa Juni. Mayankho anamukumbatira, mwana ali pachifuwa atakutidwa bulangete. Camilo anaima pambali ndi ambulera. Anali mnyamata wamtali wamanyazi. Anagwira dzanja la Matilda ndi manja awiri n'kutulutsa mawu amene anali ataloweza.

"Muli bwanji, amayi?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

Pamenepo mkamwini Chichewa chinamuthera, anangoseka.

M'galimoto Matilda anasuzumira panja. Nyumba za njerwa zofiira, mitambo yotsika mpaka pamadenga, mabasi odzaza, anthu akuthamanga atazyolika.

"Maya, ndawoloka nyanja yonseyi kudzaona Leeds wina?"

"Mami, ndinakuuzani kuti mutenge jekete." Mayankho ankalankhula mosakaniza, Chichewa pang'ono, Chingerezi chambiri.

"Unanenadi. Ndinaiwala."

Mutu unali utayamba kale kuwawa. Mzindawu uli pamwamba pa mapiri, ndipo mlendo mpweya umamuchepera. Pokwera masitepe a nyumba anaima panjira atagwira khoma, mtima ukugunda m'makutu, iye amene ankazungulira wodi tsiku lathunthu osakhala pansi.

Banjali linkakhala ndi mayi ake a Camilo, a Marleny, mayi wamasiye, wamfupi, wa imvi mutu wonse. Asewere awiriwa analibe chilankhulo choti n'kumvana. A Marleny anamupsompsona patsaya, anamuyang'anitsitsa m'maso kanthawi, n'kunena kena kake m'Chisipanishi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti takulandirani," anayankha Mayankho mofulumira. Matilda anadziwa kuti si zimenezo, koma analibe mphamvu zofunsanso.

A Marleny anamupatsa kapu ya madzi otentha a shuga wa nzimbe wofiirira, ofinyiramo ndimu. Atamwa anaimirira kuti akatsuke kapuyo, a Marleny anamulanda. Anafuna kumusintha mwana thewera, anamulandanso. Anamugwira pamkono, kumulowetsa m'kachipinda, kumuvula nsapato ngati mwana wa sukulu ya mkaka, kumufunditsa mabulangete olemera. Matilda anati angotseka maso pang'ono podikira chakudya.

Anadzuka kunja kuli mbuu, mvula ikadagogodabe pawindo. Analumpha pabedi.

"Bambo! Sindinawatembenuze!"

Dzanja lake linkafufuza pakhoma lachilendo. Mayankho analowa akuthamanga.

"Mami, muli ku Bogota."

Matilda anakhala pansi, akupuma mwabefu. "Ndakhalitsa. Chakudya chazizira?"

"Chakudya cha dzulo? Mwagona kuyambira dzulo. Lero ndi Lachisanu, ndipo tadya kale nkhomaliro."

Manyazi anamugwira. Ulendo waufupi chonchi, tsiku lonse n'kulimwaza ndi tulo, m'nyumba ya asewere!

"Bwanji simunandidzutse?"

"Mama Marleny anaika mpando pakhomo panupa n'kukhalapo. Ngakhale ine anandibweza."

Madzulo amenewo ndi pamene anamunyamula bwinobwino Lusayo. Anali wofewa, wa tsitsi losalala la kwa bambo ake, koma makutu anali a a Eston, oima ngati akufuna kumva za kutali. Anamuimbira nyimbo imene ankaimbira Mayankho, mpweya n'kumuthera pakati pa ndime.

Loweruka Mayankho anati mayi ake asabwerere osaona kanthu. Anasiya mwana ndi a Marleny, awiriwo n'kupita ku Monserrate, phiri limene lili ndi tchalitchi choyera pansonga. Matilda anavala chofunda cha ubweya cha a Marleny chobowola pakati polowetsa mutu, chimene kumeneko amachitcha ruana. Anakwera kangolo koyenda pa waya m'mwamba. Kasanafike n'komwe pakati, kanalowa mu nkhungu.

Pamwamba Mayankho anamutengera pa kampanda ka miyala n'kuloza.

"Apa mzinda wonse umaoneka, Mami. Kwathu ndi cha uko."

Matilda anayang'ana kumene chala chinkaloza. Kunali koyera ngati khoma la m'wodi.

"Ndaona," anatero.

Kenaka anayamba matalala. Anathawira pa kanyumba kogulitsa zakumwa, Mayankho n'kuitanitsa chokoleti yotentha imene anthu akumeneko amaponyamo tchizi. Matilda analawa n'kuiika pambali. Zala za kumapazi zinali zitafa dzanzi m'nsapato zonyowa zija.

Pobwerera tekisi inatsekeredwa pamsewu. Madzi anali atadzaza mpaka m'mbali, magalimoto ataima mzere wosaoneka mathero, onse akuliza mahutala. Matilda anaona kuti mpata wina sadzaupezanso.

"Maya, ndabwera ndi nkhani."

"Ndikudziwa, Mami."

"Ukudziwa chiyani?"

"Mukufuna tibwerere."

Matilda anakonza ruana paphewa. "Chipinda chako chili momwe unachisiyira. Amuna akowa ntchito akhoza kuipeza ku Leeds. Mwanayu ndizikulerera ine, iwe uzipita kuntchito."

"Muzilera nthawi yanji? Pakati pa shifiti ndi Dadi?"

"Ndimakwanitsa."

"Munagona ngati munthu wokomoka. Ndinachita kupempha kuti ndilowe ndione ngati mukupuma."

"Inali ndege."

"Sinali ndege, Mami."

Mayankho anayamba kufotokoza m'Chingerezi chothamanga, kuti chilolezo choti Camilo akakhale ku Mangalande si chapafupi, kuti ndi mwana yekhayo wa a Marleny, kuti iyenso Mayankho, sukulu imene amaphunzitsako yangomukweza kumene. Matilda ankangomva ngati wailesi ya m'chipinda china. Koma mawu omaliza Mayankho anawanena m'Chichewa chosakhota.

"Kuno ndi kwathu tsopano."

"Nanga bambo ako?"

"Azipita komwe aliko. Ngakhale masiku ena okha."

"Mwana iwe! Kwathu sitichita zimenezo."

"Kwathu kukanakhala azakhali, amalume, ana a achimwene awo, mudzi wonse. Ku Wakefield kuli inu nokha."

"N'chifukwa chake ndikupempha iwe."

Mayankho anatembenukira kuwindo lake, akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi. Matilda anatembenukira ku lake. Pakati pa magalimoto panadutsa bambo wina wogulitsa maambulera, iye mwini atanyowa chonyowa. Woyendetsa tekisi anawayang'ana pagalasi n'kukweza nyimbo.

Lamulungu m'mawa, pamene ku Wakefield anali masana, anaimba foni ya kanema ku nyumba ya okalamba ija. Mtsikana yemwe uja anayenda nayo foniyo mpaka m'chipinda chochezera. A Eston anali patebulo ndi mzungu wina wokalamba, wa manja akuluakulu, akusewera madomino. Ankaika timatabwato ndi dzanja lamanzere. Munthu wina anali atawameta n'kuwasiyira tindevu tapamlomo, monga ankasungira kale asanadwale. Mzunguyo ananena kena kake, a Eston n'kuseka, kuseka kwa pansi pa mimba, mapewa akugwedezeka. Matilda anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anamva kuseka kumeneko, osalipeza.

"Bambo, ndine. Onani mdzukulu wanu."

Anayandikizitsa mwanayo pa foni. A Eston anayang'anitsitsa, milomo ikulimbana.

"Lu... sa... yo."

Mayankho anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Akukudyetsani bwino?" anafunsa Matilda. "Mafuta aja akukupakani? Usiku akubwera kudzakutembenuzani?"

A Eston anagwedeza mutu kuvomera, koma maso anali atabwerera kale patebulo. Inali nthawi yawo yoika. Anakweza dzanja pang'ono ngati munthu wotsanzika mlendo amene wakhalitsa.

"Chabwino," anatero. "Chabwino."

Foni itaduka Matilda analowa kuchipinda kukavala. Anakhala pabedi nthawi yaitali, chilundu chili pamiyendo. Akanawapeza akudandaula akanadziwa chochita.

Kutchalitchi anafika atanyowa. Chilundu chake cha maluwa, chimene anasoketsa dala kwa mayi wina wa ku Leeds, chinabisika pansi pa ruana. Ana obatizidwa anali ambiri, makolo ataima mzere mpaka pakhomo, maambulera akudontha pansi. Matilda sanali Mkatolika, ndipo sanamve liwu lina lililonse kupatula Ameni. Wansembe anapunthwa pa dzina la mwanayo, anafunsa Camilo, n'kulibwereza bwino. Madzi atamukhudza pamphumi Lusayo analira, ndipo Mayankho anamupereka m'manja mwa mayi ake. Matilda anamugwedeza mpaka anatonthola. Mikono inkamulemera, koma sanamupereke kwa wina.

Kunyumba kunadzaza achibale a Camilo. Anaphika msuzi wokhathamira wa nkhuku, mbatatesi ndi chimanga chachiwisi, mapeyala ali pambali. Aliyense ankabwera kudzamupsompsona mlendoyo ndi kumulankhula mokweza, ngati kukweza mawu kungasandutse Chisipanishi kukhala Chichewa. Iye ankangomwetulira mpaka masaya anatopa. Nyimbo zitayamba anazemba n'kulowa kukachipinda kake.

Atakhala pabedi maso ake anagwa pa mphuthu za chitseko. Utoto unali wokalikakalika mbali zonse ziwiri, cha m'munsi, pa msinkhu wa bondo. Zipsera zimenezo ankazidziwa. Kunyumba kwake zinalipo zofanana nazo.

A Marleny analowa ndi kapu ya tiyi. Matilda analoza zipserazo, kenaka anatambasula manja ngati akukankha njinga ya wodwala. A Marleny anaika kapu pansi. Anagwedeza mutu, n'kuloza chithunzi cha bambo wa chipewa chimene chinali pakhoma. Nthawi yomweyo Mayankho anasuzumira pakhomo, mwana ali paphewa.

"Afunse," anatero Matilda. "Anadwala nthawi yaitali?"

Mayankho anafunsa, namvetsera. "Akuti Camilo anayamba sekondale bambo ake ali panjinga. Anamaliza yunivesite akadali pomwepo."

"Ankawathandiza ndani?"

Funso limeneli a Marleny sanadikire kuti alimasulire lonse. Anatambasula zikhatho zawo ziwiri. Kenaka anakweza bulauzi pang'ono kumbuyo, kuonetsa lamba wa kuchipatala womanga msana. Matilda anaika dzanja pamsana pake, malo omwewo. Azimayi awiriwo anayang'anana n'kuyamba kuseka, kuseka kopanda chimwemwe kwenikweni, koma kovuta kukusiya.

"Afunsenso. Zitabwerera, angachitenso chimodzimodzi?"

A Marleny anaganiza, anakweza mapewa, n'kuyankha mwachidule.

"Akuti sakudziwa. Akuti panthawiyo analibe mpata woganiza."

A Marleny anatuluka n'kubwera ndi kabotolo ka mafuta onunkhira bulugama. Anamugoneka Matilda chafufumimba n'kuyamba kumusisita msana ndi zala zazifupi zolimba. Pabalaza anthu ankavina. Matilda anafuna kunena kuti basi zakwana, koma tulo tinamupeza asananene.

Lolemba anamuperekeza kubwalo la ndege mvula ikugwabe. Anafuna kubweza ruana, a Marleny anakana ndi manja onse awiri. Camilo anali ataloweza mawu ena: "Muyende bwino, amayi." Mayankho anamukumbatira mayi ake kwa nthawi, mwana ali pakati pawo.

"Khirisimasi tidzayesa kubwera."

"Mudzayese."

"Mwakwiya nane?"

"Ndatopa, Maya. Kukwiya kumafuna mphamvu."

Ananunkhiza mutu wa Lusayo komaliza n'kulowa pamzere.

Anafika ku Wakefield Lachiwiri masana. Sanadzere kunyumba, anapita ndi sutikesi yomweyo kukatenga amuna ake. A Eston anatenga nthawi kutsanzikana ndi mnzawo wa madomino uja, amene mtsikana uja anati kale ankakumba malasha. Anagwirana dzanja lamanzere osafuna kutayana.

Kunyumba kunali kozizira. Matilda anayatsa hita, anawaphikira phala, anawadyetsa, anawapukuta. Powachotsa panjinga kuti awaike pabedi anachita monga ankachitira masiku onse: mawondo ake kutsekereza awo, manja kumbuyo kwawo, n'kukweza. Msana unabaya ngati singano. Analuma mano, anawakhazika bwinobwino, kenaka anagwira m'mphepete mwa bedi kudikira kuti ululuwo udutse. Ataweramuka anapeza a Eston akumuyang'ana.

"Mwa... topa," anatero.

"Ndi ulendo, bambo. Mawa ndikhala bwino."

"Iyayi."

Matilda anadikira. Sanadziwe ngati inali "iyayi" weniweni kapena wina uja.

"Ine... nso." Anadziloza pachifuwa.

"Inunso mwatopa? Mwatopa ndi chiyani? Sanakugonekeni bwino kumene kuja?"

A Eston anatseka maso. Mawu ankawafuna ngati munthu wofufuza kiyi m'matumba.

"Ku... kuonani. Chonchi."

Matilda anakhala pansi m'mphepete mwa bedi. Anayang'ana manja ake, osweka ndi sopo wa kuchipatala.

"Mukufuna kubwererako?"

"Lachi... nayi." Anapanga ngati akuika kathabwa patebulo. Kenaka anamenya pilo ndi chikhatho. "Kugona... kuno."

Matilda anaimirira. Anawafunditsa, anatenga mbale ya phala n'kupita kukhitchini. Anatsegula mpopi n'kuima pamenepo madzi akungotayika. Mumtima munali kuwawa kumene sankadziwa dzina lake. Zaka zonsezi ankayesa kuti akubisa bwino, kuti akaluma mano palibe akuona. Anatsuka mbaleyo, anaipukuta, n'kubwerera kuchipinda kukawapaka mafuta m'zidendene.

M'mawa mwake, anthu a kukhonsolo asanafike, anaimba foni ku nyumba ija. Mayi woyang'anira malowo anati Lachinayi mpata ulipo, bambowo akhoza kumabwera m'mawa n'kubwerera madzulo, koma ngati akufuna masiku enanso ayenera kudikira, pakuti ofuna ndi ambiri.

"Tiyambe ndi Lachinayi lomwelo," anatero Matilda. "Enawo mutilembe, tidikira."

Anakawauza a Eston. Iwo anagwedeza mutu n'kupempha kuti awayatsire wailesi. Matilda anavala yunifomu, anamwa tiyi ali chiimire, n'kutuluka kukakwera basi ya kuchipatala.